Dzina la Anderson pa Chigamba cha Che Idi

Che Idi Twaibu sankalemba dzina lawo paliponse. Ku chipatala ankatuma mkazi wawo, pa maliro ankaponya chipepeso m'mbale osatchula kuti chachokera kwa yani, ndipo katundu akabwera kuntchito kwathu ankangokhwatcha kamzere kokhota pa pepala la dalaivala. Ine Pauline ndinagwira nawo ntchito pa siteshoni ina yofufuza za nsomba m'mbali mwa nyanja ku Salima kuno, ine wotayipa, iwo wa magetsi ndi mawailesi. Munthu wokayikira ngati ameneyo sindinamuonepo. Ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana kumbuyo kwako asanayankhe.

Sanabadwe choncho ayi. Anthu akale pa Khombedza amati ali mnyamata anali wanthabwala, ndipo pa benchi yawo yokonzera mawailesi pamsika sipankasowa anthu. Anali ndi chizolowezi chimodzi: wailesi iliyonse akaikonza ankazokota dzina lawo ndi msomali m'kati mwa chivindikiro, kuti wokonza wina akadzatsegula adziwe kuti munadutsa kale dzanja la Idi. Kunyada kwa mmisiri basi. Nthawi ya chipani chimodzi, tcheyamani wa dera lawo, a Anderson Kamchacha, anabweretsa wailesi kuti akufuna izigwira masiteshoni akunja. Che Idi anaikonza, n'kuzokota dzina monga mwa masiku onse. Sipanapite nthawi, wailesi yomweyo inali pa tebulo la anthu a boma, chivindikiro chili chotsegula, dzina la Idi likuonekera, a Anderson ataima pambali akulumbira kuti ailanda kwa anthu oukira. Nkhani yonse inali malo a benchi aja, amene a Anderson ankafunira mphwawo. Che Idi anakwezedwa galimoto yopanda nambala masanasana msika wonse ukuona. Anabwerako patapita zaka, mano akutsogolo atatha, nthabwala zitathanso.

Matipate itabwera tonse tinamasuka pakamwa, ena mpaka kunyanya. A Anderson anangovula malaya a chipani chakale n'kuvala a chatsopano, n'kuyamba geni ya mpunga wa ku Chinguluwe ngati palibe chinachitika. Che Idi okha ndiwo sanamasuke. Ndikayamba kulalata za ndale mu ofesi ankadzuka n'kutseka zenera. "Achemwali, chasintha ndi chithunzi cha pakhoma," ankatero. "Makutu ndi omwe aja."

Pa siteshoni pathu panali kompyuta imodzi, imene mzungu wina wofufuza anasiya pamodzi ndi mabuku ake. Ntchito yanga inali kutayipamo za utaka umene asodzi a ku Mbenji agwira, n'kuzitumiza ku Lilongwe pa waya wa telefoni kudzera mu kabokosi kotchedwa modemu. Koma waya wathu unali wamakhalidwe oipa. Mvula ikangowaza, kapena magetsi akangophethira, foni inkaduka, ndipo kompyuta yonse inkauma gwaa, osamvanso batani lililonse. Uzimitse, uyatsenso, ntchito ya m'mawa wonse yapita. Ndinaitukwana kompyuta imeneyo mawu amene sindingabwereze pano, poti ndine wa mvano.

Che Idi sankatukwana. Akachoka ku swala ya masana ankakhala pansi ndi mabuku a mzungu aja, chala pa mzere, milomo ikuyenda. Anachita zimenezo kwa nthawi yaitali ine ndikuwaseka kuti ukalamba wawayamba ndi sukulu. Ndiwo anandifotokozera kuti m'kati mwa kompyuta muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo, imene imalamula zonse: chosindikizira, mabatani, modemu, chilichonse. Yathuyi sinali ya kampani. Ankailemba anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ankaloledwa kuitsegula, kuiwerenga ndi kuikonza.

"Ndiye si zabwino zimenezo?" ndinafunsa.

"Zaulere?" anatero, akutsinzina diso limodzi. "Nanga iwowo amadya chiyani? Pali chimene akufuna amenewa."

Komabe anaitsegula, ndipo chilema anachipeza. Pa gawo limene kenelo imalankhula ndi modemu, foni ikaduka nkhani ili pakati, kenelo inkangodikirabe yankho mpaka kalekale, ntchito zina zonse zitaima. Che Idi anawonjezera mizere ingapo yoiuza kuti idikire pang'ono, ikaona zii isiye. Tsiku lina mvula inagwa, foni inaduka, kompyuta osauma. Ndinalulutira mu ofesi ya boma, mlonda mpaka kubwera akuthamanga.

Vuto linali lakuti kenelo yatsopano ikabwera kuchokera ku Lilongwe, chilema chija chinkabweranso, Che Idi n'kuyambiranso kusoka. Buku linkanena kuti wokonza chinthu atumize kwa eni ake kuti chilowe mu kenelo ya aliyense. Chotumizacho amachitcha chigamba, ndipo ndi chigambadi: kapepala koonetsa mizere yochotsa ndi mizere yoikapo. Amachitumiza pa imelo ku gulu la anthu olemba keneloyo. Ine ndinawakakamiza, chifukwa ndinali nditatopa.

"Aziwerenga ndani?" anafunsa.

"Aliyense amene analembetsa pa gululo."

"Alipo angati?"

"Buku lanu lomwelo likuti masauzande."

"Akawerenga amataya?"

"Amasunga. Aliyense atha kudzawerenganso ngakhale patapita zaka."

Anadzuka n'kupita ku jenereta, ngakhale magetsi analipo. Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka tsiku lina atalowa mu ofesi, n'kutseka chitseko, n'kuima kumbuyo kwa mpando wanga. Chingerezi chawo chinali cha m'mabuku a mawaya, ndiye makalata ndinkawalembera ndine.

"Tumizani," anatero. "Koma pansi pake mulembe kuti Anderson Kamchacha."

"Mwati bwanji?"

"Ngati ndi msampha, galimoto ikaime pakhomo pake. Nayenso akaone m'kati mwake mmene mulili."

Ine ndinaseka mpaka misozi. Kunena zoona zinandikomera, chifukwa a Anderson ndinkawada ndi mtima wanga wonse. Keyala ya imelo inali ya siteshoni yonse, yopanda dzina la munthu, ndiye panalibe chotivuta. Ndinatayipa, ndinatumiza.

M'mawa mwake mayankho anali atafika. Mayo ine, anthu amenewo alibe moni! Aliyense anatenga mizere ya Che Idi n'kuibwereza, ataika kachizindikiro kumayambiriro kwa mzere uliwonse, kenako n'kulemba maganizo ake pansi pake. Wina anati apa mwasiya chitseko chotsegula, pa kompyuta ya mitu iwiri, yotha kuganiza zinthu ziwiri nthawi imodzi, zimenezi zigwetsa zonse. Wina wamwano anangoti amene walemba izi sanaganize. Kenako panali mayi wina dzina lake Maria, wa kutali ku Ulaya, amene anali woyang'anira gawo limenelo la kenelo. Palibe chigamba chinkalowa m'gawo lake iye asanavomere. Iyeyu analemba mofatsa koma mosanyengerera: chilema mwachipezadi, koma mwasakaniza zinthu ziwiri, gawani pawiri, ndipo mufotokoze chifukwa chake, osangoti zikugwira ntchito.

Ndinawatanthauzira Che Idi zonsezi.

"Umu ndi mmene ankafunsira kundende kuja," anatero motsitsa. "Amatenga mawu ako omwe, umodzi umodzi, n'kumakufunsa kuti apa umatanthauza chiyani. Wina waukali, wina wokoma mtima. Wokoma mtimayo ndiye woopsa."

Masiku otsatira sanayandikire kompyuta. Ankakonza injini ya boti kuseri kwa sitolo, pamalo poti msewu wolowera pa siteshoni azitha kuuona, ndipo galimoto ikalira ankasiya sipanala. Anafunsa ngakhale amaminibasi ngati pa Khombedza pachitika chilichonse. Palibe chinachitika. A Anderson ankayeza mpunga wawo ali phee.

Chimene chinawabweza si kulimba mtima ayi, ndi ukali. Anakhala akuganizira mawu a wamwano uja ndi a wa mitu iwiri uja, n'kupeza kuti onse ankanena zoona. Chitseko chinalidi chotsegula. Zimenezo zinawawawa kuposa mantha. "Ine Idi, kusiya waya pamtunda?" anatero, akukoka mpando. Anagawa chigamba pawiri, ine n'kulemba chifukwa chake m'Chingerezi chabwino, n'kutumizanso. Chinabwereranso. Potseka chitseko chija anali atathyola china. Anakonzanso. Munthu wina wa ku dziko lozizira, amene anali ndi kompyuta ya mitu iwiri, anachiyesa kwake n'kulemba kuti kwa iye chikuyenda. Wamwano uja anapezabe pokanda, pa kakonzedwe ka mizere, ndipo Maria anamuuza pamaso pa gulu lonse kuti zimenezo ndi zazing'ono.

Ndinaona Che Idi akusintha. Nthawi yotenga imelo ikayandikira ankapezeka ali pakhomo, akunamizira kufuna tepi. "Maria wayankha?" Tsiku lina anaseka mokweza, nkhama zili pamtunda osabisa ndi dzanja, chifukwa anapeza cholakwa m'mizere ya wamwano uja. Anandiuza kuti anthu amenewa sakufuna kudziwa kuti bambo ako ndi ndani, umapemphera kuti, kapena unavotera ndani. Amangofuna kuona ngati mzere uli woongoka. Koma kalata iliyonse inkayamba ndi dzina la Anderson, ndipo ndikaliwerenga ankayang'ana kumbali ngati wanunkhiza chowola.

"Tiwauze zoona," ndinatero kangapo.

"Dikirani kaye. Mwina akufuna ndizolowere."

Kudikirako kunatipweteka. Maria analemba mawu ochepa: ndalandira, zikomo. Anaika chigambacho pamodzi ndi zina za m'gawo lake n'kuzitumiza kwa akuluakulu amene amasonkhanitsa kenelo yonse, iwonso n'kuzilowetsa. Patapita miyezi dalaivala anabwera ndi chimbale cha kenelo yatsopano kuchokera ku Lilongwe. Che Idi anaiika, anatsegula gawo lija. Pamwamba penipeni, pamene amalembapo mayina a okonza, panali mzere watsopano wonena kuti vuto la kuduka kwa foni anakonza ndi Anderson Kamchacha wa ku Malawi.

Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Ine ndinkati asangalala, koma sizinatero.

"Zimbale zimenezi zapita kuti?"

"Dziko lonse lapansi."

"Wallahi," anatero. "Anandilanda benchi, anandilanda mano. Ichi chokha ndamupatsa ndekha ndi manja anga."

Tsiku lomwelo anandiuza kuti ndilembe kwa Maria, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni kundende anatchula dzina lawo lonse kuti lilembedwe. Tinafotokoza mwachidule kuti wolemba chigamba ndi Idi Twaibu, dzina linalo linangobwerekedwa, chonde sinthani.

Yankho linandipsetsa mtima, ngakhale ndikaganiza bwino mayiyo sanalakwe. Anati: inuyo sindikukudziwani. Anderson ndagwira naye ntchito miyezi yambiri, ndi munthu woleza mtima, womva akadzudzulidwa, ndipo ndimamukhulupirira. Keyala mukulembera ndi ya ofesi, aliyense atha kukhala pa mpando umenewo. Sindichotsa dzina la munthu pa ntchito yake chifukwa mlendo wanena. Ngati ndi zoona, Anderson anene yekha.

"Ndiye chovuta n'chiyani?" ndinakalipa. "Anderson wawoyo ndife! Ndilemba pompano kuti ine Anderson ndikuvomera, Idi ndi munthu woona, ntchito ndi yake. Nkhani yatha."

"Ayi." Che Idi anagwira dzanja langa pa mabatani. "Munthu ameneyo anandinenera bodza pamaso pa boma. Lero ndimuike mawu okoma m'kamwa amene sanawanenepo? Anene yekha, ndi pakamwa pake. Mukalembe zimene anene, asayine, titumize pa fakisi."

Ndinawauza kuti mutu wawo ndi wouma ngati chitsa, koma Loweruka m'mawa ndinakwera nawo minibasi ya ku Khombedza. A Anderson tinawapeza pa khonde la sitolo, pakati pa matumba a mpunga, atavala chipewa cha chipani chatsopano. Anali atakalamba, mimba yokha ndiyo inali ya kale. Atationa anadzuka msanga, ndipo moni wawo unachuluka kuposa muyeso.

"Achimwene a Idi! Zakale zija zinapita, si choncho? Ino ndi nthawi ya ufulu."

Che Idi analunjika pa nkhani imene tinabwerera. Anafotokoza zonse mosapsatira, ataimirira. Ine ndinkayembekezera kuti a Anderson aseka, kapena adzitukumula kuti dzina lawo lafika ku Ulaya. Ayi ndithu. Nkhope inagwa, chitini choyezera chinawapulumuka m'manja, mpunga n'kumwazika.

"Dzina langa? Kunja? Mwalemba kuti ndachita chiyani?"

"Kuti munakonza chinthu."

"Chinthu chanji? Akuwerenga ndani?"

"Masauzande," anatero Che Idi.

"Amasunga?"

"Amasunga."

A Anderson anayang'ana kumsewu, kenako kwa ine, kenako kwa anthu ogula amene anali atayamba kutchera khutu. Anatikokera m'kati mwa sitolo n'kuyamba kunong'ona. Anati akudziwa kuti pali anthu akulemba mayina a amene ankagwira ntchito za chipani nthawi ija, kuti iwo anangotumidwa, kuti ali ndi ana. Anagwira Che Idi mkono. "Chotsani dzina langa, achimwene, ndakupemphani. Tengani thumba la mpunga."

"Ndabwerera zomwezo. Mungonena kuti ntchito si yanu, ndi ya Idi. Achemwaliwa alemba, inu musayine."

Anausiya mkono uja ngati wotentha. "Ndisayine? Ndivomere pa pepala kuti ndikudziwa za nkhani imeneyi? Iyayi! Mwapangana ndi ndani inu? Ine sindisayina kanthu. Ndikudziwa mmene zimayendera zinthu zimenezi."

"Mukudziwadi," ndinatero ine, poti pakamwa panga sipachedwa.

Tinachoka opanda pepala. Mu minibasi ndinkati Che Idi akhala okondwa kuti amuona mdani wawo akunjenjemera, pajatu n'zimene ankafuna poyamba. Koma ankangoyang'ana minda. Titatsika anati, "Ndimaganiza kuti zindikomera." Ndinamva pambuyo pake kuti a Anderson anayamba kulowa kuseri kwa matumba galimoto yachilendo ikaima pamsika, koma zimenezo sizinabweze dzina la munthu.

Mvula ya chaka chotsatira inavumbula chilema china m'gawo lomwe lija, chaching'ono koma chokwiyitsa: foni ikabwerera, modemu inkakana kudzuka. Che Idi anachikonza mosamala kuposa kale. Anachigawa bwino, anachiyesa mobwerezabwereza, anafotokoza chifukwa chake, ndipo pansi pake anandiuza kuti ndilembe Idi Twaibu. Ndinawafunsa kawiri ngati atsimikiza. Anati atsimikiza.

Gulu linakhala chete. Zigamba za anthu odziwika zinkayankhidwa tsiku lomwelo, chathu chili pamzere ngati wodwala wopanda m'bale ku chipatala. Che Idi ankabwera pakhomo, ine n'kupukusa mutu, iwo n'kubwerera. Kenako Maria anayankha, ndipo ndinawerenga kawiri ndisanawaitane, ndikufunafuna njira yabwino yonenera. Sinapezeke.

Anati chigambachi chikuoneka bwino. Koma mizere imene mukukhudzayi ndi ya Anderson, ndiye amene amaidziwa kuposa tonse, ndipo inu ndinu amene munafuna kuchotsa dzina lake. Mwambo wathu ndi wakuti mwini mizere aone kaye. Anderson akachiona n'kuvomera, ndichilandira.

Ine ndinayamba kutukwana, Maria, Anderson, modemu, boma lakale ndi latsopano lomwe. Che Idi anangokhala pa mpando wa alendo, manja ali pa mawondo. Ndinawamvera chisoni chimene sindinamverepo munthu wamwamuna. Anandidikira mpaka ndinatopa ndekha.

"Achemwali, tayipani," anatero.

Ndinaika manja pa mabatani.

"Lembani kuti, ndachiona chigamba cha Idi Twaibu. Ndayang'ana mzere uliwonse, sindinapeze cholakwa." Anadikira kuti nditayipe. "Munthu ameneyu ndimamudziwa kuyambira kale. Sanalakwirepo munthu. Mutha kumukhulupirira."

Ndinatayipa, maso ali ndi nkhungu. Nditafika pansi ndinaima, n'kuwayang'ana.

"Lembani dzina la Anderson," anatero. "Poti mwini wake sadzanena."